Toyota Vitz yakale kuno ku Mangochi: mafunso ndi mayankho pa mphamvu yake, kasamalidwe ndi mtengo wogulitsira

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera kwa ife ogwira ntchito ya magalimoto kuno ku Mangochi. Amafunsa ndi aphunzitsi amene atenga ngongole, anamwino, amayi a geni ya nsomba, ndi anyamata amene abwera ndi kangachepe kuchokera ku Joni. Ndikunena makamaka za Vitz yopangidwa pakati pa 2005 ndi 2010, chifukwa ndiyo anthu akugulitsana kwambiri masiku ano. Ndi galimoto yabwino, ndipo ndimaikonda. Koma ili ndi malire ake, ndipo zambiri zimene zimaipha kuno ndi kutentha, katundu wopyola muyezo, ndi oyilo wolakwika.

Mukati Vitz yakale, mukunena iti?

Toyota inatulutsa Vitz yoyamba ku Japan mu 1999, ndipo mtundu umenewo unapangidwa mpaka 2005. Ndi ija yozungulirazungulira, yaing'ono kwambiri. Yachiwiri inayamba mu 2005, yachitatu inatuluka kumapeto kwa 2010 n'kufika mpaka 2019. Kuyambira 2020 dzina la Vitz analisiya, ndipo ngakhale ku Japan komweko galimotoyi imatchedwa Yaris, dzina limene mayiko ena, kuphatikizapo South Africa, ankaidziwira kale.

Yachiwiriyi kutalika kwake ndi mamita 3.75 kapena kuposerapo pang'ono, m'lifupi 1.695, ndipo imalemera pafupifupi tani imodzi. Thanki yake imalowa malita 42. Mipando ndi ya anthu 5, kuwerengera ndi woyendetsa yemwe. Mawotchi ake ali pakati pa dashibodi, osati kuseri kwa chiwongolero. Mu 2007 anaikonzanso nkhope pang'ono n'kuwonjezera ma airbag a m'mbali, choncho ya 2008 kupita m'tsogolo imakhala ndi chitetezo choposa ya 2005 kapena 2006.

Ndingadziwe bwanji injini imene ili m'kati popanda kudalira mawu a wogulitsa?

Werengani nambala ya chasesi pa blue book, kenako muiyerekeze ndi imene ili pa galimotoyo. Zilembo zoyambirira zimanena zonse. KSP90 ndi ya 1.0, injini yake 1KR-FE ya masilinda 3, 996cc, mphamvu 71 PS. SCP90 ndi ya 1.3, injini 2SZ-FE ya masilinda 4, mphamvu 87 PS. NCP91 ndi ya 1.5, injini 1NZ-FE, mphamvu 110 PS, ndipo ndi imene imapezeka mu RS, mtundu wa Vitz wa okonda liwiro. NCP95 ndi ya 1.3 yokoka ndi matayala onse anayi, injini yake 2NZ-FE.

Ngati mapepala palibe pafupi, tsekulani boneti muwerenge makoyilo pamwamba pa injini. Atatu ndiye kuti ndi 1.0. Anayi, 1.3 kapena 1.5. Injini zonsezi zimayendera tcheni, osati lamba wa timing, choncho munthu asakulipiritseni ndalama yosinthira lamba amene kulibe.

Ndigule ya 1.0 kapena ya 1.3?

Funso ili ndi limene ndimafuna munthu aliganizire mofatsa, chifukwa ambiri amathamangira 1.0 pongomva kuti siimwa mafuta.

Ngati maulendo anu ndi a m'tauni muno, kuchoka kwa Mpondasi kupita ku Boma, kapena msewu wa M10 kudutsa Namiasi ndi Makawa mpaka Monkey Bay, 1.0 ikukwanirani. Msewu umenewu ndi wathyathyathya. N'chimodzimodzinso makilomita 75 a pakati pa Mangochi ndi Liwonde. Injini ya 1KR-FE si yachibwana ayi. Anaipanga ndi a Daihatsu, ili mu Passo ndi mu Belta, ndipo inapambana mphoto ya International Engine of the Year m'gulu la injini zosapitirira lita imodzi zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 2007 mpaka 2010.

Koma ikani anthu anayi akuluakulu, thumba la mpunga kumbuyo, muyatse AC chifukwa ndi October, kenako muyese kupitirira lole. Mudzaponda mafuta mpaka pansi, injini idzalira, koma galimoto idzangokwawa ngati wakabaza wa njinga yakapalasa amene wanyamula matumba awiri pa chitunda. Nthawi imene mumakhala kumbali ya magalimoto obwera kutsogolo imatalika, ndipo ngozi zambiri zimabadwira pamenepo.

Ya 1.3 imayenda mosadzikakamiza. Pa ulendo wautali wokhala ndi katundu, kusiyana kwa mafuta pakati pa ziwirizi kumachepa kwambiri, chifukwa 1.0 mumaiponda mosalekeza. Kwa munthu wokhala ku Namwera, kapena wopita ku Lilongwe kawirikawiri kudzera ku Golomoti ndi Khwekhwerere, langizo langa ndi 1.3 basi. Ya 1.5 ndi yokoma kuyendetsa, koma RS ili ndi matayala a 16 opyapyala m'mbali, ndipo maenje athu samvana nawo.

Ikhoza kukwera mapiri a Chowe kupita ku Namwera ndi Chiponde?

Imakwera, ngakhale ya 1.0. Mukangowoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kuyamba zitunda, zimitsani AC, chotsani giya pa D muike pa S, ndipo musaikakamize. Lolani ikwere pa liwiro limene ikufuna.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi potsika. Oyendetsa ambiri amatsika pa D phazi lili pa buleki kuyambira pamwamba mpaka pansi. Vitz ili ndi madisiki kutsogolo kokha, kumbuyo ndi madiramu, kupatula RS. Mabuleki akatentha amayamba kununkha, phazi limalowa pansi koma galimoto siima. Pa giya pali chilembo B. Ntchito yake ndi imeneyo: injini imagwira galimoto, mabuleki n'kumapuma. Mudzamva injini ikukweza mawu, musaope, palibe chikuwonongeka. Ndipo kutsika pa N pofuna kupulumutsa mafuta musayerekeze n'komwe.

Imathamanga mpaka pati?

Wotchi ya magalimoto a ku Japan imathera pa 180, koma zimenezo zilibe ntchito pa msewu wodzaza njinga, mbuzi ndi ana a sukulu. Galimotoyi ndi yopepuka ndi yaifupi. Mphepo ya mwera ikamaomba kuchokera m'mbali, kapena basi yaikulu ikakudutsani, mumaimva ikutengeka.

Imamwa mafuta bwanji?

Pa mapepala a ku Japan, 1.0 ndi 1.3 zonse zimaonetsa makilomita pafupifupi 20 kapena kuposerapo pa lita. Muyezo umenewo ndi wa galimoto yatsopano, yopanda katundu, AC yozimitsa. Kwa Vitz ya zaka zoposa 15 yosamalidwa bwino, makilomita 15 pa lita ndi poyambira pabwino powerengera ulendo wautali. Pa muyezo umenewo, ulendo wa ku Blantyre, womwe ndi makilomita pafupifupi 190, ungadye malita 13. M'tauni, moima-ima ndi AC yoyatsa, idzamwa koposa.

Yesani nokha. Dzazani thanki, ikani kawotchi ka ulendo pa 0, yendani, dzazaninso pa pampu yomweyo, ndipo mugawe makilomita ndi malita amene alowa. Ikamamwa modabwitsa, yambirani pa zotsika mtengo: mpweya wa m'matayala, sefa ya mpweya imene fumbi la kuno limaitseka msanga, ndi mapulagi. Chinanso n'chakuti pali anthu amene amachotsa catalytic converter n'kukagulitsa, malo ake n'kuwotcherera paipi wamba. Galimoto yotero imalira mokweza, utsi wake umanunkha, ndipo nthawi zambiri kagetsi ka injini kamayaka.

Nanga petulo wa m'zigubu, mafuta akasowa?

Ndikudziwa kuti nthawi zina munthu sachitira mwina. Koma dziwani chimene mukuika. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa kale ndi ethanol, ndipo ethanol amakoka chinyezi akakhalitsa m'chigubu chosatseka bwino. Onjezerani fumbi ndi zina zimene osakhulupirika amathiramo. Pampu ya mafuta ya Vitz ili m'kati mwa thanki, ndipo imazizira ndi petulo yemweyo. Kuyenda masiku onse kagetsi ka mafuta kali koyaka kumaitentha, komanso kumaikokera zinyalala za pansi. Ngati mwagula wa m'chigubu, musefeni pa nsalu yoyera, ndipo mugule ochepa ongokufikitsani pa filling station.

Anthu akuti giyabokosi ya Vitz siichedwa kufa. N'zoona?

Siifa yokha. Amaipha ndi anthu.

KSP90 ndi SCP90 zili ndi giyabokosi ya CVT. M'kati mwake mulibe magiya osinthasintha ngati otomatiki wamba. Muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri amene amatseguka ndi kutsekeka, ndipo chimene chimapanikiza lambayo kuti asaterereke ndi oyilo. N'chifukwa chake oyilo wake ndi wapadera: Toyota CVT Fluid TC. Munthu akathiramo ATF, oyilo wa otomatiki wamba, chifukwa ndi wotchipa, kapena chifukwa pa shopu anati "ndi yemweyo, bwana", lamba amayamba kuterereka n'kukanda mapule. Galimoto imayendabe miyezi ingapo, ndipo mwini wake amaganiza kuti zonse zili bwino. Kenako imayamba kunjenjemera ponyamuka, kulira mluzu, injini kukwera mawu koma liwiro osawonjezeka. Zikafika apo, kusintha oyilo sikuthandizanso. Yatsala ndi giyabokosi ina, ndipo mtengo wake ndi gawo lalikulu la mtengo wa galimoto yonse.

Chachiwiri chopha CVT ndi mchenga. Munthu watitimira kugombe kapena pa njira ya kumudzi, ndiye akuponda mafuta, kubweza pa R, kuika pa D, kubwezanso, matayala akuzungulira pamalo amodzi. Mphindi zochepa zoterezi zimatenthetsa oyilo koopsa. Tsikani, fukulani mchenga kutsogolo kwa matayala, phwetsani mpweya pang'ono, yalani nthambi kapena makapeti, ndipo pemphani anthu akukankheni. Chachitatu ndi kukoka galimoto inzake pa chingwe.

Pogula, iyeseni m'mawa isanatenthe. Ikani pa D muone ngati ikugwira msanga popanda kugunda, muchitenso chimodzimodzi pa R. Kenako ipezereni kachitunda muinyamule pang'onopang'ono. Wogulitsa amene wafika nayo ili yotentha kale n'kumakana kuti muione m'mawa, pali chimene akubisa.

NCP95 yokha ndiyo ili ndi otomatiki wamba ya magiya 4, yopirira kwambiri, koma imamwa mafuta ochulukirapo.

Kuno kumatentha. Makaniko wina wati ndichotse thermostat. Nditero?

Musatero, achimwene. Ndi chizolowezi chofala, ndipo chimabisa vuto m'malo molichiza. Injiniyi imayendetsedwa ndi kompyuta imene imayang'ana kutentha kwa madzi. Thermostat ikachotsedwa, injini imachedwa kufika pa kutentha kwake koyenera, kompyuta n'kumathira mafuta ochuluka. Ngati galimoto ikuwira, chilipo chikuiwiritsa: rediyeta yotsekeka, fani yosazungulira, chitsekero cha rediyeta chotha mphamvu, kapena pampu ya madzi yodontha. Pa 1KR-FE pampu ya madzi ndi malo oyamba kuyang'ana. Unikani ndi tochi m'mbali mwa injini, kumene kuli lamba. Mukaona zoumirira zapinki kapena zoyera, ngati kuti madzi anadontha n'kuuma, pampuyo yayamba kutha.

Chofunika kudziwa n'chakuti Vitz iyi ilibe muvi wosonyeza kutentha. Ili ndi kagetsi kamene kamayaka injini ikadali yozizira n'kuzima kokha ikatenthera, ndi kena kofiira kosonyeza kuti yatentha kwambiri. Kofiirako kakayaka, imani pomwepo. Musati ndingofika pa Ulongwe. Injiniyi hedi yake ndi ya aluminiyamu, ndipo ikawira kamodzi kokha mwamphamvu, hedi imapindika, gasiketi n'kupsa.

Za madzi: a pa mjigo ndi a m'nyanja amasiya zokanirira m'timipata ta rediyeta ndipo amadya zitsulo. Thirani coolant. Wa Toyota ndi wapinki. Mukatsekula chitsekero galimoto itazizira n'kupeza madzi ofiirira ngati dothi, dziwani kuti mwini wake wakhala akuthira madzi wamba kwa nthawi yaitali, ndipo muchotsepo ndalama pa mtengo.

Ya 1.0 ikaima pa D imanjenjemera. Ndi matenda?

Kunjenjemera pang'ono ndi chibadwa cha injini ya masilinda 3. Koma chiwongolero chikamagwedezeka mooneka, makamaka AC ikayaka, yang'anani ma mounting a injini, tsukani throttle body, ndipo yesani mapulagi ndi makoyilo. Pa masilinda atatu, koyilo imodzi ikafa mwataya gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu, ndiye simungalephere kuzindikira.

Ndingapite nayo ku Makanjira kapena ku Katema? Nanga kuikweza?

Mpata wa pansi pa Vitz ndi masentimita 14 kapena 15 ili yopanda kanthu. Mukakweza anthu umachepa. M'chilimwe, moyenda pang'onopang'ono, imafika malo ambiri. Koma msewu wokumbika ukakhala wa tsiku ndi tsiku, mudzakhala mukusintha mashoko, mabushi, ma ball joint ndi ma rack end mosalekeza, ndipo tsiku lina mwala udzaboola sampu. M'dzinja, pa matope a makande, isiyeni pakhomo. Ngakhale NCP95 ya matayala anayi ija siithandiza kwenikweni, chifukwa mimba yake ndi yotsika chimodzimodzi. Anaipangira misewu ya chipale chofewa ya kumpoto kwa Japan, osati mayenje athu.

Kuikweza ndi ma spacer aang'ono, a masentimita awiri kapena kuchepera, kumathandiza pa mahampu. Kupitirira apo ma CV joint amapendekeka kwambiri n'kutha msanga, ndipo galimoto imayamba kuyendera mbali pokhota. Nthawi zambiri Vitz yokhula pansi siifuna ma spacer ayi, masipuling'i ake ndi amene anatopa.

Matayala oyenera ndi ati?

Ya 1.0 yambiri inabwera ndi 165/70R14. Saizi yoyenera ndi mpweya wake zalembedwa pa kapepala komata pa mphuthu ya chitseko cha woyendetsa. Chenjerani ndi matayala olembedwa Studless amene amabwera ndi magalimoto ena kuchokera ku Japan. Mapazi ake amaoneka akuya ndi okongola, koma ndi a nyengo yozizira: pa tala wotentha wa November amafewa, amatha msanga, ndipo galimoto imachedwa kuima. Onaninso manambala anayi a m'mbali mwa tayala. 2315 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2015, ndipo tayala lotero ndi lokalamba ngakhale lisanayendepo kwambiri. Sipeya yopyapyala ija siiyenera kupitirira 80 pa ola. Kwa woyenda maulendo ataliatali, gulani tayala lenileni ndi limu yake.

Ndikufuna ndizinyamulira nsomba, kapena ndiziyendetsa ngati takisi. Ingapirire?

Kumangirira chambo pa galasi la m'mbali pobwerera kunyumba palibe vuto. Vuto ndi geni. Madzi a nsomba ndi a ayezi wosungunuka amadutsa pa kapeti ya kubuti n'kukadikha m'dzenje la sipeya. Amakhala mmenemo osaoneka, chitsulo n'kumachita dzimbiri, ndipo fungo limalowa m'masiponji a mipando moti ngakhale mutachapa ndi sopo wanji silichoka. Wogula akangotsekula chitseko masana dzuwa litawomba, mtengo watsika kale asanaone n'komwe injini. Amayi, ngati geni yanu ndi imeneyi, gulani cooler box yotseka bwino, muyale pulasitiki yolimba pansi, ndipo sabata iliyonse muzitulutsa sipeya n'kupukuta.

Za takisi, Vitz ndi ya anthu 5, ndipo buti yake ndi yaing'ono. Anthu 7 ndi katundu wawo amapha masipuling'i a kumbuyo, mabering'i ndi CVT ija. Ntchito imeneyo ndi ya Sienta, imene ili ndi mipando 7 ndi injini ya 1.5. Kumbukiraninso kuti galimoto yonyamula anthu olipira imafuna nambala yofiira, chilolezo ndi inshuwalansi yake. Mukachita ngozi muli pa inshuwalansi ya galimoto yapakhomo mutanyamula olipira, mudzavutika nokha.

Kodi kukhala pafupi ndi nyanja kumachititsa dzimbiri?

Nyanja yathu ilibe mchere, choncho mpweya wa kuno sudya galimoto ngati wa ku Beira kapena Durban. Dzimbiri loopsa limachokera ku Japan komweko, m'madera ozizira kumene amathira mchere m'misewu. Gonani pansi muyang'ane chitsulo chachikulu cholumikiza matayala a kumbuyo ndi m'mphepete mwa pansi pa zitseko. Penti wakuda watsopano pansi pa galimoto yakale ndi wofunika kumufunsa mafunso.

Chinanso ndi madzi osefukira. Pambuyo pa namondwe wa Freddy mu March 2023, ndi kukwera kwa nyanja mu 2024, magalimoto ena analowa m'madzi. Kwezani kapeti pansi pa mpando, yang'anani njanji za mipando, ndipo kokani lamba wa mpando mpaka kumapeto. Matope ouma kapena mzere wa madzi pa lambayo ndi umboni wokwanira. Galimoto yotero mavuto ake ndi a magetsi, ndipo satha. Vitz ngakhale chiwongolero chake chimayendera magetsi.

Masipeya amapezeka?

Apa ndi pamene Vitz imapambanira anzake. Zosinthasintha monga masefa, mapadi, mapulagi ndi mabushi mumazipeza konkuno. Zikuluzikulu, injini kapena giyabokosi, muitanitsa ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Zida zambiri zimagwirizana ndi za Belta ndi Ractis, ndipo injini ya 1.0 ndi yofanana ndi ya Passo. Pa makoyilo ndi masensa, chida chenicheni chochotsedwa pa galimoto ina chimaposa chatsopano chotchipa chosadziwika kochokera. Oyilo wa injini akhale wopepuka, 5W-30. Wolemera wa 20W-50 amachedwa kufika ku tcheni ndi ku VVT-i, chipangizo chosintha nthawi yotsekulira mavavu, m'mawa.

Bwanji osangogula Passo, Fit, Demio kapena Mira?

Passo yoyamba, ya 2004 mpaka 2010, ili ndi otomatiki wamba ndipo ndi yotsikirapo mtengo, koma miyendo yake ndi yofewa pa msewu wokumbika. Honda Fit ya 2001 mpaka 2007 ili ndi malo ambiri m'kati kuposa Vitz, kungoti CVT yake imadziwika ndi kunjenjemera ponyamuka, ndipo injini ya 1.3 imafuna mapulagi 8. Mazda Demio imagwira msewu bwino ndipo ndi yokoma pa chiwongolero. Mira, ya 660cc, ndi ya m'tauni basi. Zonsezi ndi galimoto zoti munthu angakhale nazo mosangalala. Kusiyana kumaonekera tsiku logulitsa: Toyota imapeza wogula msanga, chifukwa aliyense akudziwa kuti makaniko wa pa trading centre iliyonse anaigwirapo.

Makilomita ochepa pa wotchi ndiye kuti galimoto ndi yabwino?

Wotchi amaibweza. Khulupirirani zimene sizibwezeka: chiwongolero chosalala chifukwa chogwiridwa, labala ya buleki yodyeka mbali imodzi, mpando wa woyendetsa wophwa. Tsekulani pothirira oyilo muunike m'kati. Chitsulo choyera chofiirira pang'ono ndi chizindikiro chabwino. Phala lakuda lokanirira ndiye kuti oyilo ankasinthidwa mwa apo ndi apo. Mukatembenuza kiyi injini isanalire, timagetsi ta injini, ABS ndi airbag tiyenera kuyaka tonse kenako n'kuzima. Kamene sikakuyaka n'komwe, mwina wina anakazimitsa dala. Vitz ya makilomita 180,000 yokhala ndi malisiti a sevisi ndimaisankha kuposa ya 70,000 yopanda mbiri.

Pa mapepala ndiyang'ane chiyani?

Blue book ikhale m'dzina la munthu amene akukugulitsaniyo, ndipo mupite naye limodzi ku Road Traffic kukasintha umwini. Kuno ku Mangochi nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa magalimoto ambiri eni ake ali ku Joni, ndipo akugulitsa ndi mchimwene wawo, mkazi wawo kapena amalume. Mumalipira, mumatenga kiyi, koma galimoto si yanu pa malamulo. Tsiku limene mudzafune kuigulitsa, kapena abale akadzayambana, mudzazindikira kuti muli ndi kalata ya pamanja yokha. Dikirani mwini wake abwere, ngakhale zitatenga miyezi.

Yaris ya nambala ya ku South Africa imene inalowa ndi chilolezo cha kanthawi siinalipiridwe msonkho, ndipo a MRA akhoza kuilanda. Musaigule pokhapokha msonkho utalipiridwa ndipo apolisi atatsimikiza kuti si yobedwa. Onaninso COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu, ndi inshuwalansi kuti zikutha liti, ndipo ndalama musapereke kwa dobadoba, perekani kwa mwini.

Ndikadzafuna kuigulitsa, ndidzapezapo zingati?

Mtengo wa Vitz yakale pano sutsatira msinkhu wake wokha. Umatsatira ndalama imene munthu angawononge kuitanitsa ina kuchokera ku Japan: mtengo wake m'madola, sitima mpaka Dar es Salaam, woiyendetsa mpaka Songwe, msonkho wa MRA umene umatengera zaka ndi kukula kwa injini, kenako kulembetsa. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, zonsezi zinakwera, ndipo magalimoto amene anali kale m'dziko muno anakwera nawo. N'chifukwa chake mumamva munthu akuti anagulitsa Vitz yake pa mtengo woposa umene anagulira.

Apa ndikuchenjezeni, chifukwa ambiri apwetekerapo. Makwacha achuluka, inde, koma funsani ngati ndalamayo ingakugulireni galimoto ina yofanana ndi imene mwagulitsa. Kawirikawiri siikwana. Ngati mukugulitsa kuti mugule ina, pezani kaye inayo ndi mtengo wake, ndipo pasadutse nthawi pakati pa kugulitsa ndi kugula. Kugulitsa pa ngongole yolipira pang'onopang'ono ndi kutaya ndalama, chifukwa gawo lomaliza likamadzafika lidzakhala litachepa mphamvu.

Powerengera mtengo wanu, yambani ndi wa Vitz ya chaka chomwecho yongolowa kumene, ija timati ya IT. Yanu ikhale pansi pa umenewo, ndipo kutsika kwake kutengere mmene ilili. Zimene zimasunga mtengo ndi izi: CVT yosanjenjemera, injini imene sinatsekulidwepo, penti wake woyambirira, blue book ya dzina lanu, ndi AC yozizira. Ku Dedza wogula akhoza kunyalanyaza AC, koma kuno ndi chinthu choyamba chimene amayatsa. Zogwetsa mtengo ndi mbiri ya utakisi, ngozi yokhudza chasesi, fungo la nsomba, dashibodi yong'ambika ndi dzuwa, ndi magalasi a nyali achikasu. Ziwiri zomalizazi zimapeweka poimika galimoto pa mthunzi. Malimu onyezimira ndi masipika akuluakulu sabweza ndalama imene munawonongera.

Ya 1.0 imagulika msanga chifukwa ofuna galimoto yosamwa mafuta ndi ambiri. Ya 1.3 yosamalidwa bwino imapeza wogula wodziwa, amene sanenerera kwambiri.

Ndiitanitse ku Japan kapena ndigule ya pompano?

Kwa Vitz ya 2005 mpaka 2010, werengani bwino musanaitanitse. Mtengo wa pa intaneti, kaya ndi ku BE FORWARD kapena ku SBT, umaoneka wotsika, koma galimoto yakale chotere imalipira msonkho wokwera poyerekeza ndi mtengo wake, ndipo madola ndi ovuta kuwapeza. Funsani a MRA kapena clearing agent wovomerezeka chiwerengero chonse musanatumize kalikonse. Mukhoza kupeza kuti powonjezera pang'ono mutenga ya mtundu wachitatu, ya 2011 kupita m'tsogolo.

Yoitanitsa ubwino wake ndi woti sinalawepo misewu yathu kapena ATF wolakwika. Ikangofika, sinthani oyilo wa injini ndi masefa, onani matayala ndi batire, ndipo muikitse kachipangizo kowonjezera mawayilesi, chifukwa wailesi ya ku Japan imathera pa 90 FM. Ya pompano ubwino wake ndi woti mukuiona ndi maso, mukhoza kuiyesa m'mawa, ndipo mukhoza kufunsa anthu za mwini wake. Pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa, mumulipire tsiku lake, ndipo aikweze pa dzenje aione pansi musanatulutse ndalama.